Kodi Mzime Wathu Amacheza ndi Ndani?

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi amayi bondo lija akupeza bwanji? Tsiku lomwe tinalankhula pa foni ndinawamva akutsokomola chakumbuyoko, inu n'kunena kuti ndi utuchi chabe wa m'shedi mwanumo. Ngati chifuwacho chikupitirira apititseni kuchipatala. Musadikire kuti anene okha, mukuwadziwa. Ine kuno ndili bwino, kungoti nsapato zija munandigulira zayamba kuyasamula kutsogolo chifukwa cha mtunda wochokera kuhositelo kukafika kulabotale.

Mwina mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Ndikukudziwani, Achimwene. Uthenga ukatalika pa foni mumangowerenga mzere woyamba, n'kuyankha kuti chabwino, foni m'thumba, manja pa thabwa. Nkhani iyi ndikufuna muiwerenge mutakhala pansi. Ndaipereka kwa adalaivala a lole aja amakubweretserani matabwa, pamodzi ndi kaphukusi. Kaphukusiko musatsegule kaye mpaka mutafika kumapeto.

Sukulu ikuyenda. Tsopano ndikutha kupaka dontho la magazi pa kagalasi osaliwononga, ndipo maso anga azolowera kusuzumira m'makina oonera tizilombo. Poyamba ndinkangoona nsidze zanga zomwe.

Koma ndikufuna ndikuuzeni za mafoni. Pobwera kuno ndinkayesa kuti ana asukulu onse amachita zofanana pa masamba a mchezo. Ayi ndithu. M'chipinda mwathu mokha muno, aliyense ali ndi dziko lake. Pali mtsikana wina timamutcha Madamu, mwana wa anthu opeza bwino. Iyeyu chakudya chikafika patebulo, choyamba kudya ndi foni yake; mwiniwake amadya chitazizira. Tsitsi akaluka, dziko lonse lidziwe. Palinso mayi wina wachikulire, tonse timangoti Anti, amene anagwira ntchito kuchipatala zaka zambiri ndipo abwera kudzawonjezera maphunziro. Foni amaigwirira patali, magalasi ali pamphuno, n'kumabaya ndi chala chimodzi. Iwo zithunzi alibe nazo ntchito. Amangojambula mawu kuuza ana awo kunyumba kuti aanule zovala mvula isanagwe, ndiponso kuti aleke kumenyana.

Ndiye tilipo ife a bandulo yopempha. Tikatuluka m'kalasi timakaunjikana pa masitepe a laibulale pomwe pamafika intaneti yaulere, ngati nkhuku zousa mvula pakhonde. Ife vidiyo sitiitsegula wamba, timayamba tafunsa amene waionera ngati ili yoyenera kuitayira nthawi. Anyamata awo ndi mikangano ya mpira ndi ndale, ndipo nkhope zawo amaziika poyera mopanda mantha. Atsikana ambiri pachithunzi tinaikapo maluwa kapena mwana wa mchemwali, chifukwa ukangoika nkhope yako, mauthenga a abambo osawadziwa amabwera ngati ntchentche.

Chomwe chimatisonkhanitsa tonse ndi gulu la kalasi la pa foni, momwe aphunzitsi amaponyamo zidziwitso. M'gulu limenelo muli munthu wina amene anadzipatsa dzina loti Wailesi. Achimwene, munthu wolongolola chotere sindinamuonepo. Aphunzitsi akamaliza phunziro, iye watumiza kale zonse atazilemba bwinobwino, n'kuwonjezerapo nthabwala. Wina akadandaula kuti sanamve, Wailesi wajambula chithunzi pa pepala n'kumulongosolera. Anyamata akayamba mwano, amawabweza mpaka amasowa cholemba. Ine ndinkaganiza kuti ndi mmodzi wa anyamata aphokoso aja okhala kumbuyo, ndipo sindinavutike n'kufunsa.

Mwezi watha tinali ndi mayeso a m'labotale. M'mawa mwake aphunzitsi anasintha chipinda ndi nthawi yomwe, koma chifukwa anali pa msewu, anangojambula mawu n'kuponya m'gulu muja. Tonse tinamvera, tinathamanga, tinalemba. Potuluka, nditsegule foni, ndinapeza Wailesi walemba mzere umodzi wokha, wopanda nthabwala. Anafunsa ngati m'kalasi monsemo munalibe munthu mmodzi woti akanalemba zomwe aphunzitsi ananena, popeza iye mawu ojambula samva.

Ndinapita ku chipinda chakale chija kumene mayeso anayenera kuchitikira poyamba. Pakhomo pake ndinapeza mtsikana wina atakhala pansi, jasi lake loyera atalipinda pamiyendo. Ndinkamudziwa nkhope. Ndi kamtsikana kachete kamene kamakhala kutsogolo kwenikweni, maso ali pakamwa pa aphunzitsi, ndipo ine ndinkati mwina n'konyada chifukwa ukakapatsa moni chakumbuyo sikatembenuka. Ine, Achimwene, ine amene ndakula m'chipinda chimodzi ndi Mzime, mng'ono wathu wosamva, sindinazindikire kuti nakonso sikamva. Wailesi uja anali iyeyu. Ndinamuzungulira kuti andione kaye, ndinagwada, n'kumufunsa ndi manja monga timachitira kwathu ngati wadya. Anandiyang'ana misozi ili m'maso, kenako anaphulika kuseka. Anatenga foni n'kundilembera kuti, “Manja akowa akulankhula ngati mwana wa zaka ziwiri. Anakuphunzitsa ndani?”

Nkhani ya mayesoyo inatha bwino. Amene anatidabwitsa ndi Madamu. Anavula nsapato zake zazitali n'kuvala zathyathyathya, anatitsogolera mpaka ku ofesi ya aphunzitsi, n'kulankhula mwaulemu koma osabwerera m'mbuyo. Aphunzitsi anachita manyazi, anapepesa, ndipo Wailesi analemba mayeso ake sabata yotsatira. Kuyambira pamenepo tinagwirizana kuti aliyense wotumiza mawu m'gulu alembenso pansi pake zomwe wanena. Amene akuvutika ndi lamuloli ndi Anti ndi chala chawo chimodzi chija, koma akuyesetsa, ndipo Wailesi amawayankha kuti uthenga wawo wafika ngakhale unanyamuka dzulo.

Chichokereni tsiku limenelo ndakhala ndikukumbukira kwathu kwambiri. Mukukumbuka mmene zinalili Mzime atangochira matenda aja anamutseka makutu? Inu munali mutayamba kale kuthandiza abambo m'shedi, amayi ali kuntchito, ndiye tinkatsala awiriwiri. Palibe anatiphunzitsa, tinkangopeka tokha. Amayi tinkawatchula pogwira mfundo ya duku kumbuyo kwa mutu. Malemu abambo tinkakankha magalasi pamphuno. Inu, pepani, tinkaika pensulo kuseri kwa khutu n'kukwinya nkhope. Mpaka lero sindikudziwa ngati munazindikira kuti ameneyo munali inu.

Alendo akabwera tinkawajeda ali pomwepo, manja tili pansi pa tebulo, mpaka amayi n'kutiyang'ana ndi diso lija. Pochapa pa mpopi tinkacheza mpaka thovu kuuma m'manja, chifukwa munthu sungachape ndi kulankhula nthawi imodzi ngati pakamwa pako ndi zala. Ndikamaimba ankaika dzanja lake pakhosi panga, n'kundiuza kuti nyimbo ya kutchalitchi imanjenjemera mosiyana ndi ya chikondi, ndiye ndisamunamize. Atasiya sukulu chifukwa aphunzitsi ankalankhula atayang'ana kubolodi, ndinkabwera ndi mabuku anga n'kumawerenga naye pakhonde. Iye ndiye ankamaliza tsamba msanga, n'kumandigwedeza chigongono kuti nditembenuze. Ndimasowa zimenezo, Achimwene. Kuno anthu ndi ambiri, koma palibe amene ndingamuyang'ane chabe n'kumvana naye nkhani yonse.

Tsopano ine ndi Wailesi tinakhala pa ubwenzi. Tsiku lina masana pa masitepe paja anaimika foni yake potsamiritsa ku botolo la madzi, n'kuimbira anzake pa vidiyo. Anatulukira anthu angapo, aliyense m'kabokosi kake. Wina ndi telala, wina amakonza mafoni pamsika, wina ali ndi khanda kumsana, onse osamva. Manja awo ankathamanga moti ine sindinatolepo kanthu, koma ndinaona akutsutsana, akunyozana mocheza, akuseka mpaka kugwira m'mimba. Wailesi anandiuza kuti kumene anakulira analibe mnzake ngakhale mmodzi wonga iye, ndipo ankayesa kuti dziko lonse ndi iye yekha. Anati kwa Madamu foni ndi galasi lodziyang'anira, kwa Anti ndi chingwe chomangira ana, koma kwa iye ndi pomwe pali pakamwa pake.

Kenako anandifunsa za mng'ono wanga amene ndinamuuza uja. Ndinafotokoza monyadira kuti ali ndi zaka makumi awiri tsopano, amasoka makushoni a mipando yomwe achimwene athu amakhoma, ndipo mzere wake ndi wowongoka kuposa wa atelala a m'tauni. Anagwedeza mutu, n'kulemba kuti, “Zimenezo ndi ntchito. Nanga chichokereni iwe, amacheza ndi ndani?”

Ndinayamba kuwerenga m'mutu. Amayi amamukonda, koma manja awo amathera pa idya, gona, samala. Alamu amayesetsa, ndimawayamika, koma ali ndi ana ndi ntchito. Inu mumamuonetsa muyezo wa siponji ndi mtundu wa nsalu. Tchuthi chathachi ndinaona kuti makina akaima amangokhala pa mpando wake n'kumayang'ana kumsewu. Usiku wonse woyamba anandisunga ndi nkhani zomwe anazisunga miyezi yonse ija, zina zakalekale zoti ena munaiwala. Nditanyamula chikwama kubwerera kuno sanalire, anangolowa m'shedi n'kuyamba kupalasa makina mwamphamvu.

M'kaphukusimo muli foni. Ndi yakale ya Madamu, anandipatsa atamva nkhaniyi. Galasi lake ndi long'aluka pakona koma kamera ikuona bwino. Pempho langa ndi limodzi: mulole Mzime akhale nayo.

Ndikudziwa chifukwa chake munakaniza kale, ndipo sindikunena kuti munalakwa. Tonse tinaona zomwe zinachitikira mwana wa awotcherera zitsulo aja oyandikana nafe, zithunzi zake zitayenda m'mafoni a anthu mpaka anasiya kupita kumsika. Ndikukumbuka munanena kuti ngati zinagwera mwana wakumva, nanga wathuyu amene sangakuwe n'komwe. Abambo anakusiyirani ife, ndipo mwatisunga. Zoopsazo zilipodi, inenso zimandipeza. Koma amene anandiphunzitsa kutsekera kunja anthu achipongwe, kubisa nambala ndi kusankha oona zithunzi zanga, ndi Wailesi yemweyo, osati ife akumvafe. Iwowa amachenjezana okhaokha, ndipo munthu akavutitsa mmodzi, tsiku lomwelo onse amudziwa. Mzime si mwananso. Ndikuopa kuti tikupitiriza kumutchingira mphepo m'chipinda chopanda zenera.

Foniyo ndaikonza kale. Muli nambala yanga, yanu, ya alamu ndi ya Wailesi basi. Gulu la anzake aja adzalowa pokhapokha inu ndi iye mutagwirizana. Ngati mukufuna, masiku oyamba azigwiritsa ntchito muli pomwepo, muone nokha zomwe zikuchitika. Wailesi wati ali wokonzeka kumuphunzitsa chinenero chamanja chenicheni, kuti asiye kulankhula chamwana chimene ndinamupatsa ine. Telala uja nayenso wafunsa kale ngati Mzime amadziwa kuika zipi yobisika.

Mukaona kuti simungathe, sindikwiya ndipo ulemu wanga pa inu sudzachepa. Koma musaibise m'kabati n'kungokhala chete. Mumuitane, mumuyang'ane kumaso, mumuuze chomwe ndatumiza ndi chifukwa chomwe mwakanira, iyenso anene maganizo ake. Nthawi zambiri timamukambirana iye ali pomwepo akuyang'ana milomo yathu.

Loweruka likudzali, tikatha kudya masana, ine ndi Wailesi tidzakhala pa masitepe a laibulale foni titaiimika. Mukalola, mudzangodina pa chithunzi cha maluwa ofiira, ameneyo ndine. Mudzamukhazike poyang'ana kuwala kuti manja azioneka bwino, ndipo m'shedi mudzayambe mwasesa, anzanga asadzaone utuchi mpaka m'mawondo.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti juzi lija ndikuvala ndipo asadandaule, sindinaonde. Moni kwa alamu anga, ndikuthokoza chifukwa cha mafuta odzola aja. Ana muwauze kuti azakhali awo akubwera ndi makina oonera tizilombo kudzayendera zikhadabo zawo. Moni kwa amalume ndi akumpanda onse, osaiwala anyamata anu a m'shedi.

Mzime yekha sindikumulembera moni m'kalata muno. Wakewo ndikufuna ndidzamupatse ndekha Loweruka, ndi manja anga.

Tsalani bwino, Achimwene. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu wapakati,
amene amakukumbukirani tsiku lililonse.