Usapite Nawo Amayi Kokaonera Filimuyo

Los Angeles
9 Okutobala 1930

Wokondedwa mlongo wanga Lavina,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu anga a Ennis ndi ana. Kodi mwendo wa amayi wasiya kutupa? Kuno ndilipo, kungoti msana ukundivuta.

Kalata yako yafika. Ukuti mwini nyumba ya kanema kwathuko wapachika dzina langa pakhomo, ndipo kumapeto kwa mwezi mpingo wonse ukaonera filimu yatsopanoyi, amayi atakhala kutsogolo.

Lavina, zinthu kuno zidasintha. Zaka zonse zomwe ndinkathamangitsa akuba ng'ombe pahatchi yoyera, ngakhale pomwe ndidayamba kuwongolera ndekha mafilimu, oonera sankadziwa za chibwibwi changa. Ine ndinkangogwedeza milomo, mawu ankalembedwa ndi ena pansalu yoonetserapo filimu. Tsopano mafilimu akulankhula.

Eni kampani ya mafilimu adandiyesa mawu. Adandipatsa chiganizo chimodzi chokha, choti ndiuze chigawenga chitaye mfuti. Ndidakakamira pa "ta" mpaka thukuta. Wojambula wina adati chigawengacho chikadatha kundiwombera, kukadya, n'kubwerako ndisanamalize. Onse adafa nacho chiseko. Nanenso ndidaseka nawo, ndipo chimenecho ndiye chimandipweteka kwambiri.

Filimu mukufuna kuonerayo si yanga. Waiwongolera ndi Lester Boggs, munthu amene ndidamuphunzitsa ndekha poimika kamera. Ntchito yanga m'menemo ndi kugwa. Ndili m'gulu la achifwamba, nkhope yokulunga ndi mpango, amandiwombera, ndimagwera m'matope chafufumimba, basi. Lester amanditcha madala. Tsiku lojambula adafuula pamaso pa anthu kuti madala afe msanga, dzuwa likupita. Ndidafa kanayi asanakhutire.

Usamude. Popanda iyeyo sindikadapeza ngakhale ntchito yogwayo. Dzina langa adalilemba pachikwangwani mondimvera chisoni, osadziwa kuti likafika mpaka kwathu.

Ndiye pempho langa ndi ili. Amayi usapite nawo. Uwauze kuti kukuzizira, kapena kuti mabenchi ake ndi olimba, iwe umadziwa powagwira. Adagulitsa chishalo cha malemu bambo kuti ndikwere sitima yobwera kuno. Sindifuna akhale pakati pa amayi anzawo a kutchalitchi, maso ali pansalu, akudikira mwana wawo mpaka nyale ziyake.

Koma ndikuwadziwa, akati apita ndiye kuti apita. Zikatero ukhale nawo pafupi. Pamene achifwamba akuwoloka mtsinje, wachitatu kugwa ndine. Usandiloze. Akandizindikira okha, undilembere zomwe anene, usachotsepo kanthu.

Undiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali a Orpha ndi kwa ana onse. Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mlongo wako,
Virgil