Juzi ya Khanda Yakhwinyata Manja

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Wimbe tilipo, kupatula Amayi amene maso akunka nachita chidima. Mwana wanga Enelesi wachira, khanda lake ndi lalikazi, koma labwera masiku asanakwane, ndipo mphepo ya Juni kuno mukuidziwa.

Makuponi a feteleza atatiphonya fodya sanachite bwino, ndiye wulu wa m'sitolo sindinauyese n'komwe. Ndinamasula majuzi awiri a pa kaunjika monga munandiphunzitsira, n'kuluka ndi masipoko a njinga: thupi ulusi wofiira, manja wotuwa. Poti ndinkaluka popuma posankha fodya, kajuziko kanada, ine n'kukachapa ndi madzi otentha. Achemwali, manja akhwinyata moti chala changa chachikulu sichikulowa!

Amayi atakapapasa anandifunsa kuti, "Sunawotche kansonga n'kununkhiza? Wotuwawu ndi wa nkhosa, sugwirizana ndi madzi otentha. Wofiirawu ndi wa pulasitiki." Ndayesa kumasula, koma ulusi wagwirana, ukungoduka. Pa kaunjika majuzi atha, aliyense akuthawa mphepo.

Chonde, mukamva wina akubwera kuno pa basi, mupatsireni wulu wofewa wa mtundu umodzi, ngakhale mipukutu iwiri. Ambuye akusungeni, mutikumbukire m'mapemphero.

Pakali pano Enelesi wamangirira mwanayo pachifuwa ndi zitenje. Akandifunsa za juzi, ndikumangoti yatsala manja.

Ine mng'ono wanu,
Nasimelo