Sizasi ndi Chomera cha Alamu

Lolemba, 3 Marichi

Alamu awagoneka m'chipatala. Magazi akuthamanga, ati akhale komweko mpaka mwana abadwe. Achimwene ali pamsewu ndi lole yawo. Kiyi wa nyumba apatsa ine. Ine amene!

Ntchito yake: kuyatsa getsi la pathanki ya nsomba m'mawa, kuzimitsa madzulo, chakudya kungotsina pang'ono. Nsomba ziwiri. Ndiye pali chomera cha m'madzi, masamba aatali obiriwira, chomangirira pakachikuni ndi ulusi. Akuti ukachikwirira mumchenga chimaola.

Alamu anandigwira dzanja: "Chimenecho sichifuna kanthu, mlamu. Mungochisiya." Anabwereza kawiri, maso ali pachikwama changa. Akudziwa kuti muli sizasi.

Achimwene pafoni ati ndikalephera kusunga tsamba, mwana ndizingomuonera pawindo. Ankaseka. Ine sindinaseke. Mwana ameneyu ndamudikira zaka zonsezi limodzi ndi iwo. Ndikufuna azindisiyira, osati kundipatsa mpando ngati mlendo.

Lachitatu, 5 Marichi

Ndachisiya. Sindinachikhudze ngakhale ndi chala.

Nsomba imodzi, yamaso otuzuka, ndaitcha Mlonda. Ndikapita uku, ili nane. Ndikabwerera, ili nane. Alamu anailangiza, ndikulumbira.

Koma tsamba limodzi lapitirira anzake, lapindikira kumanzere. Ku saluni kwanga mutu wotere sungatuluke pakhomo. Ndinakhalira manja anga pasofa mpaka anachita dzanzi.

Loweruka, 8 Marichi

Mayo ine.

Ndinangoti ndisuzumire. Kuseri kwa masamba timadontho takuda, tondandana. Kunsonga tindevu tofiirira. Matenda basi! Tsitsi likayamba kugawanika kunsonga umadula, aliyense amadziwa. Ndinapinda malaya, dzanja m'madzi, ndinadula odwala okhaokhawo.

Kenako mbali ya kumanja inaoneka yolemera. Ndinawongola. Ya kumanzere inayamba kudzikweza. Ndinawongolanso. Kasitomala wabwino ngati ameneyu sindinamuonepo: sagwedeza mutu, sayankha foni, sapempha kalilole. Ndinkaimba ndi nyimbo.

Pomwe nzeru zimabwerera, patsala chiputu ndi timasamba tiwiri. Mpala weniweni. Mlonda kukamwa yasa.

Masamba ndawaika m'beseni ndi madzi, kubafa pansi pa windo. M'bini ayi, achimwene amasuzumira paliponse.

Lamulungu, 9 Marichi

Kuchipatala. Alamu miyendo yatupa, koma funso loyamba chomera. Ndinati chili bwino, chapepukidwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinayamba kusenda lalanje mwachangu, ndinawasendera anayi osawafunsa.

Mimba inagunda ndili pomwepo, anandigwiritsa. Kaphazi kakang'ono m'dzanja mwanga. Ndinakalirira kuchimbudzi.

Lachinayi, 13 Marichi

Dzulo ndinayesa nzeru zanga. Wivi wobiriwira uja anakana kasitomala chaka chatha, ndinaumangirira pachiputu. Ukaima pakhomo n'kutsinzina diso limodzi, ndi chomera ndithu. Mlonda analowamo, kutuluka kunavuta. Ndinamuwonjola ndi chipeso. Wivi ndachotsa. Sitikulankhulana.

Lero ndinapita kushopu ya nsomba, tsamba limodzi m'kabotolo, kukafuna mankhwala. Bambo wa m'shopumo analitembenuza, anandiyang'ana, anaseka mpaka kukhala pachidebe. Akuti madonthowo si matenda, ndi mbewu yake. Tindevuto ndi mizu ya ana. Chomerachi chimaberekera pamasamba. "Amayi, mwameta mayi woyembekezera."

Ndinafunsa mankhwala okulitsa msanga. Ati palibe, chimakula mwaulesi. Ndinafunsa china chofanana nacho ndikasinthe. Ati zatha. Nanga ndichite chiyani? Yankho lake: mungochisiya.

Anthu onsewa anapangana kapena?

Lachisanu, 21 Marichi

Palibe cholemba. Kuyatsa, kutsina chakudya, kuzimitsa. Sizasi ndikumaisiya ku saluni, m'dirowa yokiya, kiyi kwa mnzanga woluka.

Kuchisiya chinthu ndi ntchito yolemetsa kuposa kuluka mutu wa mkwati. Ndimakhala pampando n'kumayang'ana chiputu, nacho n'kumandiyang'ana. Lero katsamba katsopano kamodzi, kochepa kuposa chikhadabo. Ndinakaombera m'manja. Mlonda anathawa.

Makasitomala akuti masiku ano ndikudula pang'ono kwambiri, kodi ndikudwala?

Loweruka, 29 Marichi

Achimwene afika mawa. Ndinati ndikataye umboni wa m'beseni uja, ndinali nditauiwaliratu.

Ndinangokhala pansi pomwepo, pamatailosi onyowa. Masamba akewo ada, ofota, koma pa lililonse pamera tiana. Tobiriwira, timasamba tiwiri titatu, timizu lendelende. Beseni lonse tiana tokhatokha. Zamera chifukwa ndinaziiwala. Ndikanakumbukira, bwenzi nditazithandiza mpaka kufa.

Kumanga ndi ulusi ndiye ntchito yanga. Ndatimangirira pachikuni kamodzikamodzi, osathinitsa, kuzungulira chiputu. Mizere yowongoka bwino. Dzanja linazolowera, lichita bwanji.

Lachitatu, 2 Epulo

Wabadwa! Mtsikana. Alamu anachita kuwang'amba, koma onse ali bwino. Achimwene akulira ngati hutala ya lole yawo. Ine anandionetsa ali m'manja mwa anamwino, chipewa mpaka m'maso. Sindinapemphe kunyamula. Mantha.

Loweruka, 5 Epulo

Atuluka lero. Alamu asanakhale n'komwe pansi, molunjika kuthanki, pang'onopang'ono, dzanja pabala. Anasuzumiramo. Ine kumbuyo kwa chitseko.

"Mlamu, chomera changa mwachigawa mzere wapakati?"

Ndinaulula zonse. Madontho, chiputu, wivi, chipeso. Pofika pa wivi anali atagwira khoma, misozi mbwembwembwe, akundipempha ndisiye, ulusi wa adokotala uduka. Ati iwo chomeracho chinawaberekera kamodzi kokha, ana atatu. Anawerenga anga, anasokonezeka, anayambiranso.

Achimwene anati tsono chigamulo n'chotani, pawindo kapena m'nyumba? Alamu sanawayankhe. Anatenga mwana n'kundiika m'manja. "Ndikufuna ndigone. Chikwama chanucho kasiyeni pakhomo."

Ndikulemba ndi dzanja limodzi. Onse agona, Mlonda yekha ndiye ali maso. Mwana ali pachifuwa panga, wofunda, akununkhira mkaka. Chimwemwe chake sindingachilembe.

Chipewa chavuka chokha. Tsitsi lake! Lakuda bii, lambiri, lofewa. Kungoti pamwamba pa khutu lamanzere pali katsitsi kapitirira anzake, kapindikira kunja.

Chikwama chili pakhomo, sizasi inabwereramo kale. Masitepe ochepa chabe.

Ndikungokayang'ana. Ndikasiya. Ndati ndika...