Mawaya 120 a Mota ya Kunazale

17 Okutobala 2019, Lachinayi

Mota ya pampu yabwera kuchokera kuphiri, kunazale ya mayi Selina. Yapseratu. Mbande za paini akuthirira ndi ndowa, dzuwa lake ili. Ndadula makoyilo ake a waya wa mkuwa, ndawerenga mawaya a mumpata umodzi wa motayo katatu: 120. A Mansoor, eni shopu, akuti ulendo uno ndisakulunge kaye. Mwana wawo a Uzair, amene akuphunzira ku Chirunga, ayambe ayesa pakompyuta. Zaka 22 ndikukulunga mota muno, sindinadikirepo munthu.

18 Okutobala

A Uzair andikhazika pambali pawo. Mota yanga ili pagalasi la kompyuta, yodulidwa pakati ngati papaya. Koyilo iliyonse ayipatsa kamuvi. Akuti apa magetsi akulowa, apo akutuluka, ukatembenuza kamodzi zonse zasokonekera. Pakabokosi kena alemba 120 yanga ija. Andifunsa ngati koyilo ndi yamawaya kapena yachitsulo chimodzi. Ndaseka ndekha, iwo osaseka. Ndangoti eya pa zonse. Sindinamve.

21 Okutobala

Kompyuta yakana 120. A Uzair akuti mota ikhala yofooka, madzi sakwera. “Ikani 60, bambo Alufandika, makinawa sanama.” Ndayesa 60 mumpata umodzi. Theka lopanda kanthu, waya akugwedera. Waya wowonda chonchi, yekha, apsa mlungu usanathe. Koma mitundu ya pagalasi ija, yofiira ndi yobiriwira, ine wa Sitandade 7 ndingaitsutse bwanji? A Mansoor akuti mota ikapsanso, ntchito yokulunga azitumiza ku Limbe. Mutu waima. Chakudya chamasana ndabwerera nacho kunyumba.

22 Okutobala

Mayi Selina aimba kawiri. Mizere itatu ya mbande yauma. Ndati mawa. Ndanama.

23 Okutobala

Ndakhuthula thumba la mkuwa wakale pansi. Nsonga ya koyilo ndaipeza: mawaya awiri owotcherera pamodzi. Awiri! Amene anaikulunga kale ankagwira mawaya awiri m'dzanja. Ndiye kuti anazungulira ka 60, mawaya n'kukhala 120. Ine ndinawerenga mawaya, a Uzair analemba ngati maulendo ozungulira. Kapena ayi? Mwina kompyuta inadziwa kale. Mwina 60 yawo ndi ya waya mmodzi wonenepa, amene tilibe. Nsonga ija ndinaidula ndekha osayang'ana. Manyazi. Kuwauza pamaso pa bambo awo sindingathe. Ndasiya kapepala pansi pa laputopu, mawu ake ndi awa:

A Uzair, pepani kukuvutitsani. Nambala ndinakupatsani ija inali ya mawaya, ndipo amayenda awiriawiri. Kulakwa ndi kwanga. Kodi m'kompyutamo muli kabokosi ka mawaya awiri? Ngati kalimo, lembani 60 ndi 2, muone. Ndiyankheni lisanafike Lachisanu, vanishi wopaka makoyilo amafuna tsiku lathunthu kuti aume. Mukapanda kuyankha ndikulunga awiriawiri, ikapsa mudzanene kuti ndine.