Theka la Josiah

2 Malichi 1861
Bambo pomwalira anatisiyira ana awiri munthu mmodzi: Josiah, kapolo wawo wosula zitsulo. Theka langa, theka la achimwene, a Lemuel. Mwezi uno kwawo ku Missouri, mwezi winawo kuno ku Kansas, ngati khasu lobwerekana. Munthu woti mayi ake anatiyamwitsa tonse! Mwezi wanga watha dzulo. Sindimubweza. Kuno ukapolo kulibe, basi.

4 Malichi
Ndamuuza kuti tsopano ndi mfulu. Osasekerera n'komwe. Akuti, "Nanga Keziah, bwana? Mkazi wanga ali kwa achimwene anu." Ndati zimenezo tiona bwino. Chisanu chapha nkhuku ziwiri.

9 Malichi
Achimwene pakhomo, osatsika pahatchi. "Iwe Amzi, ngati wamasula theka lako, tenga nkhwangwa umudule pakati, langalo ndinyamule." Ndawagenda ndi nyundo. Mano awiri pansi. Ayi, sindikudandaula.

17 Malichi
Abweranso ndi gulu la ku Missouri, dzuwa lili paliwombo, opanda ndi manyazi omwe. Nkhokwe moto, khola moto. Kulira kwa hatchi mkatimo ndikukumvabe. Mnansi wanga Orrin Pell anangothamangira kudzazimitsa, ndowa ili m'manja. Amuwombera pakamwa. Josiah tinamutsitsira m'chitsime kuti abisale, watuluka milomo ili gwagwagwa. Mbewu yonse phulusa. Tidzala chiyani chaka chino?

25 Malichi
Tabwezera. Abusa adalitsa mfuti zathu tisananyamuke. Nyumba zitatu taotcha, ina ya nkhalamba yoti kapolo sinakhalepo naye. Amafunsa ndani? Anyamata kuimba njira yonse pobwerera. Inenso ndaimba nawo, Mulungu andikhululukire. Josiah sakudya, maso ali kummawa, kumene kuli Keziah, tsiku lonse.

6 Epulo
Takumana ndi gulu la achimwene powolokera mtsinje. Chipolopolo pakhosi pa achimwene. Changa, ndisanamizire wina. Agwera m'matope akutukwanabe dzina langa, magazi ali phwii. Ndawanyamula mutu, andilavulira. Ndasanza, ndalira ngati kamwana. Amene anandiphunzitsa kusambira mumtsinje womwewu.

15 Epulo
Mabelu m'tauni, anthu kuponya zipewa m'mwamba. Akuti mizinga yalira ku South Carolina, dziko lang'ambika pakati, nkhondo yayamba. Yayamba lero? Ha!

Wangolo wina wabwera ndi nkhani. Alamu anga, akazi a Lemuel, atangoika maliro amugulitsa Keziah kwa amalonda opita kummwera, kuminda ya thonje. Ati asaonenso nkhope yowakumbutsa mwamuna wawo. Keziahyo ali ndi pakati, ine osadziwa.

Josiah wamva ali posulira. Sanalire. Wazimitsa moto bwinobwino, wapachika mbaniro pamalo pake, watenga mfuti yanga pakhoma.

"Munandifunsa, bwana, musanandimasule?"

Watuluka. Wapita chakummwera, wapansi, kumene akamugwira akamupachika. Ndinaima pachipata, sindinamuitane. Ndikanamuitana ngati ndani, mwini wake kapena m'bale wake?