Kwa Alamu ku Joni, za Nkhani Yathu Yosatha

Lobi, Juni 1914

Okondedwa alamu a Timoteyo,

Landirani moni wochokera kuno ku Lobi, kumene chisanu chafika msanga chaka chino. Kalata yanu inandipeza. Mwati ku Joni mwaona zithunzi zoyenda pakhoma, anthu akuthamanga koma osalankhula. Ndinaseka ndekha, kenaka ndinasowa womufotokozera.

Buku lija munandisiyira ndalibwereza mpaka chikuto chathothoka. Aphunzitsi anzanga amati kulemba nkhani zopeka n'kuwononga mapepala. Choncho nkhani imene tinayamba tonse, ya wosula makasu wosochera pa ulendo, ndimangowerengera alongo anu a Falesi. Amamvetsera chogona, pakuti chifuwa chija sichinawasiye. Nyemba zawo anakolola ndi anthu ena.

Dzulo anandidula pakati. "Kodi munthu wanuyu adzafika kwawo mvula isanagwe?" Ndinati sindinalembe mpaka pamenepo. Iwo anati, "Fulumirani."

Sindikukuuzani zochita, alamu, ndikudziwa kuti ulendo ndi wautali. Koma masiku ano alongo anuwa akutchula dzina lanu kawirikawiri, ndipo mbale yawo ikubwerera chidzadzire.

Ndine mlamu wanu wokusowani,
Alufeo