Malemu akuitanirabe malonda

Lachinayi, Junho. Kwazizira mpaka m'mafupa.

M'mawa ndatumizanso pagulu la makasitomala mawu amene amuna anga anajambula pafoni asanamwalire: "Nkhuku yapsa, batata yatentha, karinya yaima pa Namacula, bwerani!" Ndikajambula mawu anga, anthu sabwera. Akamva a malemu, chakudya chimatha.

Masana apongozi anga anafika pa karinya, galimoto yathu yogulitsira chakudyayo. Akuti anamva mwana wawo akuitanira malonda m'foni ya munthu wina mu chapa, minibasi ya kuno.

"Mwananga, tinamuika kale. Musiyeni agone."

Ndinavomera kufufuta. Chala chili pafoni, anandigwira dzanja.

"Tayatsani kaye ndimumve."

Tinamvera mpaka batata inapserera. Sindinafufute, ndipo mawa m'mawa makasitomala adzakhala akumudikira.